Kodi Caesar anafera zimene anachita, kapena zimene anzake ankaopa kuti adzachita?

Madam Zulu: Mwachoma bwanji nonse. Kalabu yathu ya masewero pasukulu ikukonza Julius Caesar ya Shakespeare, tidzachite m'Chinyanja pa tsiku la makolo temu ikamatha. Ahedi atipatsa mphindi 40 zokha, ndiye ndiyenera kudula kwambiri. Ine ndimafuna tithere pamaliro, Antony akangomaliza kuyankhula anthu n'kuthamanga kukatentha nyumba. Koma mtsikana wa Giredi 11 amene akuchita Casca, mmodzi wa anthu amene anapha Caesar, wandifunsa kuti, Madam, nanga Caesar ameneyu analakwa chiyani kwenikweni? Ndamuuza kuti ankakhumbira ufumu. Iye akuti wawerenga sewero lonse ndipo sakuona pamene Caesar anapha munthu kapena kulanda munda wa munthu. Inu amene munaliwerenga, tithandizane.

Mwale wa ku Kapata: Mwanayo ali ndi mutu. Caesar sanalakwe kalikonse, inali nsanje basi. Ine ndine wa Antony kuyambira kale.

Chisomo: Madam, ine ndikugwirizana naye theka. Tayang'anani Brutus mwini wake, mnzake wa Caesar amene anatsogolera omupha, pamene ali m'munda usiku, mu chigawo chachiwiri. Akuvomera yekha kuti alibe chifukwa chake chake chodera Caesar, komanso kuti sanaonepo Caesar akulamulidwa ndi mtima m'malo mwa nzeru. Ndiye akudzipangira mlandu. Akuti munthu akamakwera makwerero amakhala wodzichepetsa, akafika pamwamba amaiwala masitepe a pansi. Kenako akuti timuone ngati dzira la njoka, tiliphwanye lisanaswe. Mlandu wonse ndi wa mawa. Khoti liti lingamange munthu pa zimene sanachite?

aTembo (Katete): Mwachoma bwanji Madam, ndi ana anga nonse. Ndaphunzitsa sewero limeneli zaka zambiri ndisanapume ntchito, ndiye mundilole nditalikitseko. Mwana wanga Chisomo wanena zoona za Brutus, koma pali mzere umodzi umene ana amaudumpha nthawi zonse chifukwa Casca amaunena modutsa. Kumayambiriro kwenikweni kuli akuluakulu awiri, Flavius ndi Marullus, amene ntchito yawo inali yoteteza anthu wamba. Akubalalitsa anthu amene asiya ntchito kuti akachingamire Caesar, n'kuchotsa nsalu zimene anakongoletsera ziboliboli zake. Mu gawo lotsatira Casca akuti awiriwo atsekedwa pakamwa chifukwa cha nsaluzo. Basi. Sitikuwaonanso mpaka sewero kutha. M'mbiri yeniyeni anachotsedwa pa maudindo awo. Muuzeni mtsikanayo kuti mzere umenewo ndi wake, ndiye amaunena. Munthu amene sangapirire kuti chiboliboli chake chivulidwe nsalu, akadzavala chisoti chachifumu adzapirira chiyani?

Madam Zulu: Eee aTembo, mzere umenewo ndinali nditaudula kale papepala langa. Ndiubwezeretsa.

Mwale wa ku Kapata: Koma bambo, Antony atamupatsa chisoticho anakana katatu anthu onse akuona.

aTembo (Katete): Anakana, inde. Koma ife owonera sitikuona, tikungomva kufuula kwa anthu kuseri. Amene akutifotokozera ndi Casca, munthu woti amadana naye kale. Iye akuti ulendo uliwonse Caesar ankakankha chisoticho mofatsa kuposa poyamba, ngati dzanja silikufuna kuchisiya. Shakespeare anachita dala kutibisira. Mukhoza kunena kuti Casca akunama, mukhoza kunena kuti Caesar ndi Antony ankayesa madzi kuti aone ngati anthu avomera. Atamva kuti anthu akuombera m'manja kukanako osati chisoticho, ndiye anagwa khunyu.

Amake Dalitso: Ine sewero limeneli ndinaliwerenga ndili kusukulu ya unamwino, mnzanga wa m'chipinda ndiye anali nalo. Chimene chimandikwiyitsa mpaka lero ndi nkhani ya Calpurnia, mkazi wa Caesar. Mayi walota chiboliboli cha mwamuna wake chikutuluka magazi ngati mpope, anthu akusamba m'manja akumwetulira. Wagwada pansi kumuchonderera kuti lero lokha asatuluke. Mwamuna wavomera. Kubwera Decius, wa m'chiwembu chomupha, ndi pakamwa pake potsekemera, akuti malotowo ndi abwino, akutanthauza kuti Roma adzayamwa moyo kwa inu, komanso lero akuluakulu agwirizana zoti akupatseni chisoti, mukapanda kubwera angasinthe maganizo. Pomwepo bambo aja akuti mkazi wanga mantha ako ndi opusa, ndipatse mkanjo wanga. Ndiye aMwale musamatiuze kuti sankafuna ufumu. Chimene chinamutulutsa m'nyumba ndi chisoti.

Mwale wa ku Kapata: Amake Dalitso mwandigwira pakhosi. Koma kufuna mpando si tchimo. Aliyense pano atauzidwa kuti mawa akhala meya wa Chipata sangagone.

Jere: Ndangolowa kumene, malaiti anapita kuno. Madam, musaiwale kuwauza ana kuti Caesar wa mu sewero ndi nkhalamba yodwala, yogontha khutu limodzi, koma Caesar weniweni sanali wa masewera. Mu 49 BC anawoloka mtsinje wa Rubicon ndi asilikali ake, zimene malamulo a Roma ankaletsa, n'kuyambitsa nkhondo yapachiweniweni. Anagonjetsa Pompey, mkulu wa asilikali mnzake wa ku Roma, ku Pharsalus mu 48 BC, ndipo ana a Pompey anawagonjetsa ku Munda mu 45 BC. Chikondwerero chimene sewero likuyambira n'cha kupambana Aroma anzake, osati adani akunja, n'chifukwa chake Marullus akukalipa kuti mwaiwala Pompey. Kuchiyambi kwa 44 BC anapatsidwa ulamuliro wonse kwa moyo wake wonse, pamene kale udindo umenewo unkaperekedwa kwa miyezi isanu ndi umodzi pa nthawi ya zoopsa. Ndiye dziralo linali litaswa kale, Brutus anangochedwa kuliona.

Chisomo: AJere, koma Caesar yemweyo ndiye anakhululukira Brutus ndi Cassius amene anayambitsa chiwembu, onse awiri anali kumbali ya Pompey. Anawapatsanso maudindo. Wolamulira wankhanza amatero?

Jere: Amatero kwambiri. Ukakhululukira munthu amene anali mnzako wofanana naye, wamuuza kuti moyo wake uli m'manja mwako. Cassius chimene chinkamupweteka n'chimenecho.

aBanda (Mchinji): Moni kuchokera tsidya lino la Mwami. Nkhani ya ulamuliro wa moyo wonse ife sitikuiwerenga m'buku. Kamuzu anakhala pulezidenti wamuyaya mu 1971. Koma zinayamba kale, mu 1964, patangopita miyezi iwiri kapena itatu dziko litalandira ufulu, pamene anasemphana ndi nduna zake, a Chipembere, a Chiume, a Orton Chirwa ndi ena. Anthu omwe aja anamuitana kuchokera kunja mu 1958 n'kumamukweza kuti ndi mpulumutsi. Ndikawerenga Cassius akudandaula kuti Caesar wakula ngati chimphona ife tikuyenda pansi pa miyendo yake, ndimafunsa kuti nanga anamukuza ndani? Cassius mwini wake akuyankha kwina kuti Caesar sakanakhala mmbulu Aroma akanapanda kukhala nkhosa.

Madam Zulu: Mbiri yakale ndi yololedwa, koma chonde tisalowe ndale za lero. Gulu lino lili ndi anthu a zipani zonse.

aTembo (Katete): Za lero ayi, koma za dzana mundilole. Ine ndinavota nthawi ya chipani chimodzi, papepala pali Kaunda mbali ina, chule mbali ina. Zinayamba mu December 1972, ndipo chaka chomwecho chipani cha Kapwepwe, mnzake wa paubwana, chinali chitaletsedwa kale iye n'kutsekeredwa. Ambiri a ife tinkamukonda Kaunda, anatimangira masukulu ndi yunivesite, ineyo ndinaphunzira ulere. Chikondi chimenecho n'chimene Brutus ali nacho pa Caesar, ndipo n'chimene chimapangitsa seweroli kukhala lovuta. Akanakhala chilombo chodziwikiratu bwenzi palibe chokambirana. Kusiyana kwake n'koti ife mu 1991 tinali ndi bokosi la mavoti, mkuluyo analuza n'kupereka mpando. Brutus analibe bokosi loti n'kuchotsera munthu amene wapatsidwa ulamuliro mpaka imfa. Sindikuti anachita bwino. Ndikuti ana amvetse kuti khomo lina linali lotseka.

Chisomo: Bambo, ndikumva. Koma Brutus sanayese n'komwe khomo lina. Sanapite kwa Caesar ngati mnzake kukamuuza kuti izi ayi. Cicero, katswiri wa zoyankhula amene akanayankhula ndi anthu, Brutus anakana kuti alowe m'gulu lawo, ati chifukwa sangatsatire chinthu choyambitsa ena. Ndipo zimene ankaganiza kuti ndi mawu a anthu a ku Roma anali makalata abodza. Cassius analemba yekha m'zilembo zosiyanasiyana n'kutuma Cinna, mnzake wa m'chiwembu, kuti akawaponye pawindo la Brutus. Munthu wapha mnzake wapamtima chifukwa cha makalata opanda dzina!

Mwale wa ku Kapata: Ma akaunti abodza a pa Facebook anayamba ndi Cassius.

Amake Dalitso: Ha ha aMwale inu. Koma zoona, Brutus ankakonda kumva kuti Roma yense akuyang'ana kwa iye. Anamukumbutsa za kholo lake lija linathamangitsa mfumu Tarquin, mutu n'kukula.

aTembo (Katete): Amake Dalitso mwafika pamene ndimafuna. Ana akafunsidwa za dyera la mpando amangolemba za Caesar, mwina ndi Cassius. Koma werengani zimene Brutus akuchita atangolowa m'chiwembu. Anzake akuti tilumbire, iye akuti ayi. Akuti titenge Cicero, ayi. Cassius akuti Antony afere limodzi ndi Caesar, ayi, Antony ndi mkono chabe, mutu ukadulidwa mkono ulibe ntchito. Caesar atafa Cassius akumunong'oneza kuti usamulole Antony kuyankhula pamaliro, iye akuti ndiyamba ndine, palibe chingavute. Ku Sardis Cassius, msilikali wodziwa nkhondo, akuti tidikire adani atipeze kuno atatopa, Brutus akuti ayi tipite ku Philippi. Malo onsewa Brutus samva za munthu, ndipo malo ambiri Cassius ndiye anali ndi nzeru. Munthu amene anapha mnzake kuti Roma asalamulidwe ndi mutu umodzi, gulu lake lomwe akulilamulira ndi mutu umodzi. Chisoti sakuchifuna, zoona. Chimene akufuna n'choti aliyense azinena kuti Brutus ndi woyera. Njala imeneyonso imapha anthu.

Jere: Ndipo kuyera kwakeko kumadya ndalama za ena. Mu mkangano wa mu tenti akunyoza Cassius kuti ali ndi dzanja loyabwa, amagulitsa maudindo ndi kulandira ziphuphu. Mphindi yomweyo akumudzudzula kuti ndinakupempha golide wolipira asilikali anga unandimana, pakuti ine sindingalande ndalama kwa alimi osauka. Ndiye ndalama zimene akupemphazo Cassius anazitenga kuti?

Madam Zulu: Gawo la mu tenti limenelo ndi lokoma koma ndi lalitali, silingalowe mu mphindi 40.

Amake Dalitso: Mukalidula ndiye kuti Portia, mkazi wa Brutus, wasowa osadziwika kumene wapita. Mayi uja anadzibaya pantchafu kuti asonyeze mwamuna wake kuti akhoza kusunga chinsinsi, mapeto ake anameza moto ali yekha ku Roma. Mwamunayo akunena za imfa yake m'mawu ochepa kwambiri n'kupempha vinyo. Azimayi awiri okha mu sewero lonse, onse anaona patali, onse sanamvedwe. Mwina mtsikana mmodzi angotulukira kutsogolo n'kunena zimene zinamuchitikira Portia, isapitirire mphindi imodzi.

Madam Zulu: Zimenezo n'zotheka.

Mwale wa ku Kapata: Tsopano tiyeni kwa munthu wanga. Antony analowa pakati pa anthu amene manja awo ali magazi okhaokha, yekha, n'kugwirana nawo chanza mmodzimmodzi. Pamaliro sanatukwane munthu, ankangoti Brutus ndi munthu wolemekezeka, kubwereza mpaka mawuwo anawola. Anawakumbutsa kuti Caesar anadzaza mosungira chuma cha boma, ankalira osauka akalira, anakana chisoti katatu. Bodza lili pati pamenepo? Mnzake anaphedwa ngati mbuzi, iye anabwezera. Ine mnzanga wotere ndikumufuna.

aBanda (Mchinji): AMwale, tsegulani chigawo chachinayi, tsamba loyamba.

Mwale wa ku Kapata: Buku ndilibe pano, ndili pa shopu.

aBanda (Mchinji): Ndikuuzeni. Antony, Octavius ndi Lepidus, amene atenga ulamuliro Caesar atafa, akhala patebulo ndi mndandanda wa maina, akuika kadontho pa dzina la aliyense woti aphedwe. Octavius akuti Lepidus, mbale wako nayenso afe. Lepidus akuti chabwino, bola mwana wa mlongo wake wa Antony afenso. Antony akuti palibe vuto, onani ndamuika kadontho. Akusinthana abale ngati akusinthana mbewu. Kenako Antony yemwe uja ankalira ndi wilo ya Caesar m'manja akutuma Lepidus kuti akaitenge wiloyo, aone mmene angachepetsere ndalama zimene anthu analonjezedwa. Lepidus atangotuluka, Antony akuti ameneyu ndi bulu wonyamula katundu, tikathana naye timumasula akadye udzu. Caesar mu sewero lonse sanachite chinthu choopsa ngati tebulo limeneli. Cicero anafera pa mndandanda womwewo mu 43 BC.

Chisomo: Apa ndi pamene ine ndimati Madam musathere pamaliro. Mukathera pamenepo makolo apita kunyumba akuganiza kuti Antony ndi ngwazi ndipo chilungamo chapambana. Nkhanza zimene Brutus ankaopa zinabweradi, koma zinabwera kudzera pa mpeni wake womwe.

Mwale wa ku Kapata: Ndiye wolakwa ndi Brutus, osati Antony. Akanamusiya Caesar bwenzi kulibe mndandanda.

Jere: Kapena akanamvera Cassius n'kupha Antony tsiku lomwelo.

Amake Dalitso: AJere, mankhwala anu ndi kuwonjezera mitembo?

Jere: Sindikuvomereza amayi, ndikungonena mmene masamu ake analili. Ukayamba njira ya mpeni sumatha kuima pakati, n'chifukwa chake ndi njira yoipa. Brutus ankafuna kupha munthu koma asaoneke wakupha, ati tikhale ngati ansembe opereka nsembe osati ogulitsa nyama. Kenako yemweyo akuuza anzake kuti tiviike manja m'magazi mpaka m'zigongono tiyende nawo kumsika. Anthu a mumsika anaona magazi, nsembe sanaione.

aTembo (Katete): Pali chinthu china pamaliro chimene ndikupempha Madam musachidule ngakhale nthawi ithe bwanji. Brutus wamaliza kufotokoza kuti anapha Caesar kuti pasakhale mfumu. Anthu akondwa. Mmodzi mwa iwo akufuula kuti Brutus akhale Caesar! Wina akuti timuveke chisoti, timumangire chiboliboli. Ndiye kuti sanamve chilichonse. Iwo vuto lawo silinali ufumu, ankangofuna munthu woti azimuombera m'manja. Dzulo Pompey, m'mawa Caesar, masana Brutus, madzulo Antony. Mwana amene adzanene mzere umenewo aime poonekera, ndipo Brutus adzaoneke kuti waumva.

Chisomo: Koma bambo, ine pamenepa Shakespeare ndimamukayikira. Anthu wamba amawajambula ngati opanda nzeru, onunkha thukuta, ongotengeka. Amene akutiuza kuti mpweya wawo ukununkha ndi Casca, munthu wa pabwino. Ufulu umene Brutus akunena unali wa mabanja ochepa olemera a mu Senate, nyumba ya malamulo ya Roma. Wosoka nsapato uja wa mu gawo loyamba ufulu umenewo unkamupatsa chiyani? Caesar anamusiyira madrakima 75 ndi minda yoti azikapumulamo m'mbali mwa mtsinje wa Tiber. Brutus anamupatsa mawu. Ine sindikumuona wopusa posankha.

aBanda (Mchinji): Mfundo imeneyo ndi yolemera. Komabe anthu omwewo ndi amene anakhadzula Cinna mlakatuli. Munthu akupita kumaliro a Caesar ngati mnzake, amufunsa dzina, akuti Cinna. Akuti ndi wachiwembu uja. Iye akulira kuti ine ndine mlakatuli, si Cinna ameneyo. Akuti zilibe kanthu, mupheni chifukwa cha ndakatulo zake zoipa. Nkhaniyi si yopeka ya Shakespeare, ili m'buku la Plutarch, wolemba mbiri wakale, mmene anatenga sewero lonseli.

Madam Zulu: Gawo limenelo tinaliyesako Lachitatu. Ndinatenga ana a Giredi 8 kuti akhale khamu, Cinna ndi kamnyamata kakang'ono kovala magalasi. Poyamba ankaseka onse, mafunso aja amaseketsa, ukupita kuti, umakhala kuti, uli pabanja kapena ayi. Atayamba kumukoka malaya, magalasi anagwa pansi, mwana wina anawaponda osadziwa. Kuseka kunatha, ndinachita kuwaletsa ndi mluzu. Ndinaganiza zolichotsa kuopa kuti wina angavulale.

Amake Dalitso: Musalichotse, ingomuvulani magalasi. Amene tinaonapo munthu akumenyedwa pamsika chifukwa wina wangofuula kuti wakuba tikudziwa kuti zimayamba choncho. Makolo adzalizindikira.

Jere: Funso kwa inu Achewa. Mwaona kuti amene anadya chuma cha Caesar ndi wa kuchikazi? Octavius amayi ake anali Atia, mwana wa Julia, mlongo wake wa Caesar. Ndiye mwa mwambo wanu wa ku Mkaika mnyamatayo analowa bwinobwino. Kwathu ku Mtenguleni tikanafunsa za mwana wamwamuna.

aTembo (Katete): Ha, aJere, mwana ankanenedwa kuti ndi wa Caesar analipo, wa kwa Cleopatra ku Egypt, ndipo Octavius anamupha mu 30 BC. Koma musatinamizire. Kwathu mphwa salowa ufumu ndi kalata ya malume ake. Mbumba imakhala pansi, amayi akuluakulu a pabanja ndiwo amaloza munthu, ndipo wooneka kuti akuufuna kwambiri nthawi zambiri amamudumpha. Octavius analozedwa ndi wilo ndi asilikali.

Chisomo: Mnyamata ameneyu ndiye amandiopsa kuposa onse. Anali ndi zaka 18 pamene Caesar ankaphedwa pa 15 March 44 BC. Mu sewero sayankhula zambiri. Ku Philippi Antony akumuuza kuti iwe tenga mbali ya kumanzere, iye akuti ayi ine kumanja, sindikukutsutsa koma nditero. Mawu omaliza a sewero lonse ndi ake. Pambuyo pake anamuchotsa Lepidus, anagonjetsa Antony ku Actium mu 31 BC, mu 27 BC anatchedwa Augustus, n'kulamulira mpaka 14 AD. Dzina loti mfumu sanalitenge, anaphunzira pa zimene zinawachitikira malume ake. Senate anaisiya izikumana, mphamvu zonse zili kwa iye.

Mwale wa ku Kapata: Atambwali sametana. Koma ndiye mwavomera kuti woipa weniweni ndi Octavius, Antony wanga anangogwiritsidwa ntchito.

aBanda (Mchinji): Kadontho pa dzina la mwana wa mlongo wake anaika ndi dzanja lake aMwale.

Chisomo: Ndikaganiza za mnzako wapamtima kukupha ndimakumbuka Sankara ku Burkina Faso mu 1987. Compaoré anati akukonza zimene zinapotoka, n'kukhala pampando zaka 27. Kusiyana kwake Brutus mpandowo sanaufune.

aTembo (Katete): Ndipo kuno kwathu tili ndi chitsanzo cha njira ina chimene ana a Giredi 11 sanachione ndi maso. Mu 2001 pamene kunali nkhani yoti Chiluba aimenso kachitatu, mipingo, maloya ndi mabungwe anagwirizana, anthu anavala timaliboni tobiriwira, magalimoto ankaliza mahutala. Nduna zake zina, ndi wachiwiri wake yemwe, anakana poyera mpaka anachotsedwa m'chipani. Mapeto ake sanaime. Palibe anagwira mpeni. Mukamakambirana ndi ana pambuyo pa sewero, afunseni chimene Zambia wa 2001 anali nacho chimene Roma wa Brutus analibe.

aBanda (Mchinji): Kwathunso mu 2002 bilu yochotsa malire a materemu inagwa mu nyumba ya malamulo.

Madam Zulu: Funso limenelo ndalilemba. China chimene ndidzawauze n'choti seweroli linalembedwa cha mu 1599, Mfumukazi Elizabeth atakalamba wopanda mwana, anthu a ku England akuopa nkhondo ya mpando akadzamwalira. Mwina n'chifukwa chake Shakespeare sakuimira mbali. Ndidzawauzanso kuti Nyerere analimasulira m'Chiswahili ndipo linatuluka mu 1963 ali pulezidenti, kuti asaone ngati kuchita m'Chinyanja n'kulichepetsa.

Jere: Nyerere yemweyo anabweretsa chipani chimodzi mu 1965, koma mu 1985 anatsika yekha. Ameneyo ana akamuike mbali iti, ya Caesar kapena ya Brutus?

Madam Zulu: Limenelo likhale la tsiku lina aJere, tingachezere pano. Mmene ndaonera, ndichita chonchi. Flavius ndi Marullus akhala, ndi mzere wa Casca uja. Nkhani ya Cassius yosambira mu Tiber ndiifupikitsa. Brutus m'munda, Calpurnia ndi Decius, kuphedwa, zoyankhula zonse ziwiri za pamaliro, Cinna wopanda magalasi, kenako tebulo la mndandanda. Nkhondo ya ku Philippi ndiidula yonse, mwana mmodzi adzangofotokoza za Portia, Cassius ndi Brutus mmene anafera, Octavius n'kutseka. Ndikaphatikiza zikupitirira ndi mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri, ndikawapempha ahedi.

aTembo (Katete): Pa kuphedwapo musadule pamene Metellus Cimber wagwada kupempha kuti mbale wake abwerere kwawo, Caesar n'kumuuza kuti ndikukankha ngati galu, ine sindisuntha ngati nyenyezi ya kumpoto. Komanso pakhomo, Artemidorus akumupatsa kalata yomuchenjeza, iye akuti zokhudza ine mwini zikhale zomaliza. Ziwirizi zikhale pamodzi. Mtsikana wanu uja aone munthu mmodzi yemweyo akuika za dziko patsogolo pa moyo wake, patangopita mphindi zochepa akudziyesa mulungu. Yankho akalipeze yekha.

Madam Zulu: Zikomo bambo. Vuto latsala ndi zovala. Tikufuna mashiti oyera a pabedi osachepera khumi, ndipo amene adzavale Caesar sadzabwerera oyera chifukwa magazi tikupanga ndi juwisi wofiira. Amake Dalitso, kumpingo kwanu simungatifunsireko akale?

Amake Dalitso: Ndifunsa Lachinayi kumsonkhano wa amayi. Koma a Calpurnia ndi Portia avale zitenje zabwino, asavale zinsanza.

Mwale wa ku Kapata: Juwisi ndipereka ine, botolo lalikulu. Koma tsiku limenelo ndidzakhala kutsogolo, ndipo Antony akadzatulutsa wilo ndidzaombera m'manja, aBanda anene zimene anganene.

aBanda (Mchinji): Ombani, ndidzakhala pambali panu. Tebulo likadzalowa ndidzakugwirani paphewa.